Tsiku limene asekulu anathamanga

Linali Lachinayi, cha m'ma 3 koloko masana, pamene a Che Saidi, eni kagolosale ka pafupi ndi kwathu ku Kaporo, anabwera akukuwa kuti mtsinje wasefukira ndipo madzi adutsa kale kumadimba. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndikukhala ndi agogo anga aamuna amene tinkawatchula kuti asekulu, awiriwiri, m'nyumba yonunkha utsi ndi madeya a mpunga.

Asekulu sankadziwa kufulumira. Thumba la mpunga sankalinyamula lathunthu. Ankalimasula n'kumatapa ndi kabeseni, ulendo ndi ulendo, akuimba chapansipansi nyimbo za kutchalitchi m'Chinkhonde, nkhuku zikuwatsata kumapazi kutola zogwa. A Che Saidi ankawaseka. "Akulu inu, imfa ikadzabwera mudzaiuza kuti idikire kaye mumalize kabeseni!"

"Yayi," ankayankha osatembenuka, "mpunga ukafika, sufunsa kuti wabwera bwanji."

Koma madzi a tsiku limenelo sakanadikira kabeseni. M'nyumba munali matumba a mpunga woti tidye mpaka kukolola, ndipo malo okwera anali amodzi okha, chulu cha kuseri kwa khola. A Che Saidi anali atathamangira kukapulumutsa katundu wawo. Asekulu anayang'ana matumba aja, anayang'ana ine, kenaka anavula malaya.

Munthu woonda uja, wa nthiti zoonekera, anawerama n'kuponya thumba lathunthu pamsana, n'kuthamanga nalo. Kuthamanga! Anabwerera, n'kutenga lina. Mitsempha ya m'khosi inatupa ngati zingwe, kupuma kwawo kukumveka ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope. Ine ndinangoima pakhomo kukamwa yasa, ndili ndi mantha ngati munthu wachilendo wavala nkhope ya asekulu.

"Iwe, gwira nkhuku! Luwiro!" Anali asanandikalipirepo chibadwire changa.

Madzi ofiira, onyamula zinyalala ndi nyerere, anafika mu akakolo, kenaka m'mawondo. Thumba lomaliza analikweza pachulu akuzandima. Pamene ankalitula ndinamva kuti thyo, ngati nthambi youma. Anakhala pansi pang'onopang'ono, atatsamira matumba.

"Ndigwire mkono, mzukulu."

Ndinakoka ndi manja awiri. Sanadzuke.

Chaka chathachi, ndili pabanja tsopano, mlamu wanga wa Fomu 1 ankawerenga mokweza za sayansi pakhonde, ine ndikuyamwitsa mwana. Anati kukweza katundu pamwamba, kaya pang'onopang'ono kaya mothamanga, ntchito yake ndi imodzimodzi. Kusiyana n'kwakuti wochita msanga amayenera kutulutsa mphamvu zambiri pa kanthawi kochepa. Ndinangolowa naye mwana m'nyumba. Ndili mwana ndinkachita manyazi ndi kabeseni kaja, poganiza kuti asekulu ndi ofooka kuposa agogo a anzanga. Kani iwo ankadziwa kuti msana wawo ungathe kupereka zochuluka chonchija kamodzi kokha.

Madzi atayamba kuphwa, a Che Saidi ndi amuna ena anabwera n'kuwanyamula asekulu pachitseko chozula. A Che Saidi ankangopukusa mutu. "Akulu, bwanji simunandiitane?"

"Inunso munali ndi zanu," anatero asekulu. "Mpunga wanyowa?"

Sunanyowe ngakhale thumba limodzi. Tinadya mpaka kukolola, koma asekulu sanaimenso mowongoka mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo ine kusukulu sindinabwererenso chifukwa panalibe wina wowasamala.

M'mawa mwake mwa tsiku la madzi lija ndinasonkha moto ndi nkhuni zonyowa n'kutereka madzi. Nsalu zonse za m'nyumba zinali matope okhaokha, kupatula yunifolomu yanga imene inali pamsomali pamwamba. Ndinaitsitsa, ndinaiviika m'madzi otentha, n'kuyamba kuwathowa msana.