Ndinawakankha ndi Chigongono pa Tebulo la Pinibolo

Senderani kuno, inu owerenga, mukhale pafupi, poti mawu anga satulukanso ngati kale. Ine sukulu sindinapondeko. Akundigwirira cholembera ndi mdzukulu wanga Tadala, ndipo ndamuuza kuti asakometse kalikonse. Ndinataya amuna anga masanasana, m'holo yodzaza anthu, chifukwa cha masewera a ana.

Amuna angawo, a Zuze, kwawo kunali ku Nsanje, ndipo anagwira ntchito ya njanji ku Limbe mpaka kupuma. Atakalamba, mutu unayamba kuwathawa. Ankaiwala kuti adya, ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Chichewa chinawachoka, n'kutsala Chisena chokhachokha cha ubwana wawo. Kwathu ku Chirimba geti ndinkachita kumanga ndi waya. Kuwasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine, popita kutchalitchi dzanja lawo lili m'dzanja langa. Zaka zinapita choncho, ine osapita ku ukwati, osagona ngakhale pamaliro a anzanga.

Tadala amaphunzira za makompyuta. Iye ndi anzake anapanga masewera awoawo a pafoni, a minibasi yozemba maenje pamsewu, ndipo ankakawaonetsa ku chionetsero cha masewera m'holo ina ku Chichiri. Anandichonderera kuti, "Agogo, mubwere ndithu, anzanga onse makolo awo abwera." Mwana wamasiye, womulera ndekha, ndikanakana bwanji? Woti n'kumusiyira odwala panalibe. Ndinawaveka jekete lawo la Lamulungu, tinakwera minibasi.

M'holomo munali mdima, koma magetsi ofiira ndi obiriwira ali thwanithwani ponseponse. Phokoso lake ngati chigayo chakumana ndi kwaya. Makina ataliatali ngati mafiriji anawandandalika kukhoma. Apa mnyamata wakhala pampando, chiwongolero m'manja, akuyendetsa galimoto ya pagalasi, kugunda khoma, kugubuduzika, n'kudzukanso osakanduka ndi pang'ono pomwe. Apo atsikana awiri akumenyanitsa tianthu, akupukusa tindodo uku akukuwa. Wina anamuphimba kumaso ndi chinthu chakuda, akungopalasa m'malere ngati wagwidwa ndi mizimu. A Zuze anandifinya dzanja. Ankaopa, ndipo ine ndinaona kuti akuopa.

Masewera a Tadala ndinayesa, minibasi yanga inagwera m'dzenje loyamba lomwe, tinaseka. Kenako anthu anamuunjirira, ine n'kuyamba kuzungulira ndi odwala anga.

Pakona panali tebulo lopendekeka, la miyendo yachitsulo, galasi pamwamba. Achinyamata ankati ndi pinibolo. Mwini wake anali bambo wachimwenye, waimvi, wa sitolo ku Limbe. Anati tebulolo linali la bambo ake, linakhalitsa mosungira katundu, ndiye walipukuta n'kulikonza.

"Amayi, yesani," anatero. "Ana awa angodziwa za pagalasi, ichi chikuwakanika."

Anandionetsa. Umakoka kachitsulo n'kukasiya, kampira konyezimira, kukula kwake ngati dzira la nkhunda, n'kuthamangira kumtunda. Kakamatsika kamagundagunda timabelu, ngee! ngee! Kumunsi kuli dzenje, ndipo pali timikono tiwiri toti uzikabwezera kumtunda kasanagwere. Mabatani ake ali m'mbali, lina kumanja, lina kumanzere. Ndi masewera ofuna manja onse awiri.

Ndinachotsa dzanja la a Zuze m'dzanja langa, n'kuwagwiritsa nsonga ya chitenje changa.

Kampira koyamba kanangodutsa pakati, phwii, m'dzenje. Kachiwiri zala zanga zinadzuka. Ndili mtsikana ndinali katswiri wa phada, mwala ukakwera m'mwamba sunkandigwera pansi, ndipo maso omwewo ndi amene anabwerera tsiku limenelo. Kampira kakabwera, ine pha! Kakabweranso, pha! Magetsi kuthwanima, mabelu kulira, tebulo lonse kunjenjemera m'manja mwanga. Achinyamata anasiya makina awo n'kundizungulira.

"Eee, agogo ndi dolo!"

"Aphunzitseni ana a pasukuluwa, agogo, angodziwa kudya tchipisi!"

Mafoni anali m'mwamba, akundijambula. Inu owerenga, ndinali nditaiwala kuti munthu amatha kuomberedwa m'manja. Thupi linapepuka, msana unasiya kuwawa. Ndipo ndisakunamizeni, poti apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ndinamva chitenje chikukokedwa. Ndinamva mawu awo, m'Chisena chawo chija, akuti tizipita kwathu. Sindinacheuke. Ndinawakankha ndi chigongono n'kunena kuti, "Tadikirani inu!"

Kampira kotsiriza katagwera, anthu anaimba mluzu, bambo wachimwenye anandigwira chanza. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Tinafunafuna m'holo monse, kuzimbudzi, koimika galimoto. Mlonda anati anaona nkhalamba ya jekete ikuyenda ndawala ngati yachedwa kuntchito, yalunjika njira ya ku Limbe. Tinathamangira kusiteshoni, kumsika, kupolisi, kuchipatala. Dzuwa linalowa, linatulukanso, ife tili chimodzimodzi.

M'mawa mwakemo Tadala anakuwa, foni n'kuiponya pansi. Anthu ankatumizirana kanema, akuti mfiti yagwa kudera lina kuseri kwa Limbe. Ndinatola foniyo ndekha. Anali a Zuze, opanda jekete, opanda malaya, atakhala m'fumbi kuseri kwa nyumba ya eni, magazi akuyenderera pachipumi. Anthu atawazungulira ndi miyala ndi zibonga, akuwafunsa kuti anzawo amene anauluka nawo ali kuti. Iwo ankangotchula mayina a abale awo akufa, m'Chisena. Wina n'kukuwa kuti, "Mwamva? Akuwerenga anthu amene anadya!"

Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa milamba youma, wa ku Nsanje komweko, amene ankapita kumsika ndi dengu pamutu. Iye anamva kuti nkhalambayo ikungofunsa kumene apita amayi ake ndi abale akewo, ndiponso ngati sitima yadutsa kale. Anatula dengu, anawafunditsa chitenje chake n'kuwagonera pamwamba. Mwala wina unamupeza iyeyo paphewa. Sanachoke mpaka apolisi atafika.

Koma kanema amene amandisowetsa mtendere si ameneyo. Sabata yomweyo panayendanso wina, wa gogo wosewera pinibolo, anthu akuseka, akuyamikira. Ndinamuumiriza Tadala kuti andionetse. Mukayang'ana kumbuyo kwanga, a Zuze akuoneka. Akukoka chitenje. Chigongono chikuwapeza pachifuwa. Akuima, akuyang'ana dzanja lawo ngati lapsa. Kenako akuyenda pakati pa makina aja, ndipo atafika pakhomo akucheuka n'kuima, maso ali pamsana panga. Anandidikira, inu. Ine nkhope ili mwee, mano onse panja. Mpaka lero supuni ikagunda kapu, ngee, ndimadzidzimuka n'kugwira chitenje kumbuyo.

Masewerawo sindiwanyoza, alibe mlandu. Ndikunena ndi inu amene mukusamala wodwala mutu: mukafuna kupuma, yambani mwapereka dzanja lake kwa munthu, osati kwa nsalu. Ndikunenanso ndi inu achibale amene mumangofunsa pafoni kuti odwala ali bwanji: bwerani tsiku limodzi mudzamulandire mnzanu. Munthu amene wakhala zaka osaseka, kuseka kukamupeza kumamutenga yense. Ndipo mukadzapeza nkhalamba yachilendo pakhomo panu m'mamawa, yavula, ikuyankhula zosamveka, ipatseni madzi, mufune womva chiyankhulo chake. Kwinakwake kuli anthu amene sanagone, akuifuna.

Bambo wachimwenye atamva, anabwera kuchipatala ndi bulangete, ndipo ndinamva kuti tebulo lija analibwezera kosungira katundu. Mayi wa milamba akugulitsabe, koma dengu amachita kumutwika ena, mkono uja sukwera. Tadala anasiya zopanga masewera, ndinachita kumukalipira kuti ayambirenso, pakuti wolakwa sanali iye. Amene anagenda aja ali m'nyumba zawo.

A Zuze anatuluka m'chipatala, koma sanayankhulenso, ngakhale Chisena chomwe. Ndikati ndiwayandikire ndi madzi osamba, ankaphimba mutu ndi mikono yonse iwiri n'kudzipinda kukhoma. Anamwalira mvula itangoyamba, tinakawaika kwawo ku Nsanje.

Ine ndilipo, ku Chirimba konkuno. Ndikapita kumsika achinyamata amandizindikirabe, amakuwa kuti, "Agogo a pinibolo!" n'kupempha kuti tijambulitse. Ena mwa iwo m'mafoni awo omwewo muli kanema wa mfiti ija. Poyamba ndinkangozemba. Masiku ano ndimaima, n'kuwauza kuti ayambe atsegula kanema winayo, ndiwauze dzina la munthuyo.