Bambo Anaikidwa Ine Nditatseka Maso Kuphiri

Anandilanda maliro a bambo anga. Bambo anamwalira, anasambitsidwa, anakulungidwa mu nsanda mpaka kuikidwa, ine mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha nditakhala pamphasa kuseri kwa mapiri, maso ali chitsekere, ndikumvetsera mpweya wanga ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Foni ndinapereka ndekha ndi dzanja langali, palibe anandikakamiza. Cholakwa chimenecho ndi changa ndipo sindichikana. Koma inu owerenga, imvani kaye zonse musanandiweruze, pakuti ondiweruza ndili nawo kale okwanira.

Ndinabadwira ku Njube, kuno ku Bulawayo. Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ndiye m'nyumba timayankhula Chichewa, tikatuluka pageti Chindebele. Ndife Asilamu. Sukulu ndinalekezera Fomu 3 nditakankha mphunzitsi amene ananditukwanira makolo. Kuchokera apo ndinayamba kuitanira makombi, maminibasi a kuno, opita m'tauni. Pantchito imeneyo mkwiyo ndi chida, koma wanga unapyola muyeso. Tsiku lina ndinamuthyola mphuno mnzanga tikulimbirana pasinjala mmodzi, ndipo madalaivala anagwirizana kuti asadzandionenso pasiteji.

Ndinakhala pakhomo, ine ndi bambo tikungoyang'anizana. Iwo anali akudwala shuga, miyendo yotupa, koma pakamwa pokha panali pamoyo. Ankati mutu wanga uli ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. Sankanama. Usiku sindinkagona, masana ndinkangofuna woti ndiyambane naye.

Mayi wina amene ndiwatche Aphunzitsi ndinakumana nawo kumsika m'tauni, nditawanyamulira thumba la ndiwo zamasamba. Amaphunzitsa yoga kwa anthu a m'nyumba za mipanda ya magetsi, ndipo ali ndi malo pafamu ina kumapiri, kum'mwera kwa mzinda, kumene anthu amapita kukapumitsa maganizo. Ankafuna mnyamata wowaza nkhuni, wotunga madzi ndi woyala mphasa. Malipiro ake anali chakudya, pogona, ndi kuphunzira nawo ulere. Ndinavomera chifukwa panalibe china.

Pano sindinama ayi, zinthu zija zinandithandiza. Poyamba ndinkaseka m'mimba kuona anthu akuluakulu atapinda miyendo ngati achule, atalipira ndalama kuti wina awaphunzitse kupuma. Koma nditayesa kukhala phee, kutsata mpweya osathamangira ganizo lililonse lobwera, ndinagona tulo koyamba patapita zaka. Ndinasiya kuthamangira ndewu munthu akandilakwira. Amene akukuuzani kuti zonsezi ndi bodza sanayesepo.

Bambo sanazione choncho. Nditapita kunyumba kumapeto kwa mwezi ndi kuwafotokozera, anati ndasiya mzikiti ndi kupita kukagwadira zachilendo. Ine ndinawayankha kuti swala zawo zonsezo, mapemphero kasanu patsiku, sizinawachotse ukali. Mawu amenewo ndinawayankhula kwa munthu amene anali atangotuluka m'chipatala sabata imeneyo. Ndinamenyetsa geti ndi kumapita, osawauza kuti famuyo ili pati. Mlongo wanga Mariamu yekha ndiye anali ndi nambala ya Aphunzitsi, chifukwa ndinamuimbirapo pafoni yawo tsiku lina yanga itatha moto.

Nditabwerera kufamu, kunayamba chimene amachitcha masiku khumi a chete. Palibe kuyankhula, palibe kuyang'anana m'maso, palibe foni. Zonse zimaikidwa m'dengu ndi kutsekeredwa. Tisanayambe, Aphunzitsi anafunsa aliyense ngati kwawo kuli vuto limene lingamufune. Ine ndinali ndikadali wotentha. Ndinati kulibe, ndipo ndinawonjezera kuti ngakhale kwathu kutapsa moto asandiuze. Anaseka, nanenso ndinaseka.

Chinanso chimene sindinawauze n'chakuti ndine Msilamu. Ankandidziwa ndi dzina la pasiteji. Kufamuko nyama sadya, ndiye funso la nkhumba silinabwerepo. Ndinakula ndikutonzedwa kuti ndine mwana wa anthu obwera, opanda mudzi, ndipo ndinazolowera kubisa zakwathu pamaso pa anthu. Ndinkaona ngati n'kuchenjera.

Bambo anamwalira Lachiwiri m'mawa. Mariamu anaimbira Aphunzitsi akulira, n'kuwapeza atangoyatsa foni yawo kwa kanthawi, nati bambo atisiya, muuzeni mchimwene wanga abwere. Aphunzitsi anamupepesa, namuuza kuti andiuza pa nthawi yoyenera. Atatero anazimitsa foni yawo n'kuibwezera m'dengu, chifukwa lamulo la chete linali la iwonso. Mariamu anaimbanso mpaka chala kuwawa, osapezeka. Amalume anga anatuma anyamata kukafunsa pasiteji kumene ndili, palibe ankadziwa.

Inu owerenga amene si a chipembedzo chathu, mvetsani apa. Anansi athu ambiri kuno, munthu akamwalira thupi limakakhala kumochale. Amadikira achibale ochokera ku Joni ndi kumidzi, amaimba masiku angapo, maliro n'kudzaikidwa Loweruka. Aphunzitsi ndi zimene ankadziwa. Anawerengera kuti chete atha Lachinayi, ndiye nthawi ilipo yambiri. Ife sititero. Womwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ali m'manda. Sadikira munthu, ngakhale mwana wake.

Lachiwiri limenelo ndimalikumbuka bwino, ndipo ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Linali tsiku labwino kuposa onse. Chakumasana, nditakhala pansi pa mwala waukulu, mtima unakhazikika mpaka ndinawaona bambo osati ngati mdani koma ngati nkhalamba yodwala imene ikuopa kutaya mwana. Ndinatsimikiza kuti chete akatha ndikawapepese. Nthawi imene ndinkakonza mawu opepesawo, amuna a kumzikiti anali atanyamula jeneza la thupi la bambo paphewa.

Lachinayi titaloledwa kuyankhula, Aphunzitsi ananditengera pambali, nandigwira manja onse awiri, nati ndiyambe ndapuma mozama.

"Bambo ako apuma, mwanangu. Sindinafune kukusokoneza, unali utafika pabwino. Usadandaule, ndikuperekeza pagalimoto, ukafika nthawi ya maliro isanakwane."

Ndinawafunsa kuti amwalira liti. Atati Lachiwiri, sindinafunsenso china.

Ku Njube ndinapeza pabwalo posesa, mphasa zitapindidwa kale. Amalume anali pakhonde ndi tasibihi, mikanda yopempherera, m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Eee, afika abwana. Mwaupeza mtendere uja? Tigawireniko, ife kuno tinalibe wolowa m'manda."

Kwathu mwana wamwamuna ndiye amatsikira m'dzenje kukalandira thupi la bambo ake ndi kuligoneka moyang'ana koyenera. M'malo mwanga munatsikira mwana wa aneba. Ndinayesa kufotokoza za dengu, za lamulo la chete, koma ndikuyankhula ndinkadzimva ndekha kupusa kwake. Ungamuuze bwanji munthu amene wakumba manda kuti iwe unali kuphunzira kupuma? Mariamu anangoti, "Achimwene, ndinaimba," n'kulowa m'nyumba. Amayi anga sanandiyankhule ngakhale liwu limodzi. Anandiikira chakudya pansi, n'kutembenuka. Chete amene ndinakamufuna kumapiri ndinamupeza kwathu, ndipo uyu analibe tsiku lothera.

Ndinapita kumanda ndekha. Ndinapeza mulu wa dothi lofiira litayamba kale kuuma. Ndinayesa kunena dua yopempherera omwalira imene bambo anandiphunzitsa ndili mwana, inandithawa pakati. Chimene thupi langa linakumbuka ndi kukoka mpweya ndi kuutulutsa pang'onopang'ono. Ndinadzida.

Pasanathe sabata amalume anandiuza kuti chipinda changa alowamo msuweni wanga ndi mkazi wake, amene aziyang'anira amayi, popeza ine ndaonetsa kuti sindidalirika. Anati ndibwerere kumene ndinali. Pasiteji sandifuna. Satifiketi ndilibe. Pasipoti yoti ndithawire ku Joni ngati anzanga ndilibe. Ndiye tangoganizani kumene ndinapita.

Ndikulemba izi ndili kufamu komwe kuja. M'mawa uliwonse ndimayala mphasa za alendo, ndimadutsa ndi dengu kutolera mafoni awo. Inde, ntchito imeneyo tsopano ndi yanga. Aphunzitsi si mfiti ayi, zikanakhala bwino akanakhala mfiti, bwenzi ndikudana nawo mosavuta. Analira atamva zimene zinachitika, anati sankadziwa, ndipo n'zoona sankadziwa. Koma sanafunsenso. Munthu wamva kuti bambo a mnyamata wake amwalira, iye n'kusankha yekha tsiku limene mnyamatayo ayenera kumva chisoni. Masiku ano alendo akabwera amawalozera ine, amati mnyamata uyu wadutsa m'zowawa koma taonani kudekha kwake. Ine ndimamwetulira chifukwa ndikudya kwawo. Kudekha kumene akuonako ndi kwa galu womangidwa amene watopa kuuwa.

Ndiye inu owerenga, makamaka anyamata anzanga amene mitu ikuwira, sindikuti musaphunzire kukhazika mtima pansi. Phunzirani, kumathandiza. Koma ngati kwanu kuli wodwala, foni yanu isalowe m'dengu la munthu aliyense, kaya akulonjezeni mtendere wotani. Amene akukusungani muuzeni kuti ndinu ndani, mumapemphera kuti, ndipo kwanu maliro amayenda bwanji, ngakhale akuseke. Kumene mukupita siyani mwauza munthu njira yake. Ndipo musachoke pakhomo mutatukwana kholo lodwala n'kumati mudzapepesa mtima ukadzakhala pansi. Wanga unakhala pansi mochedwa ndi maola ochepa chabe.

Mwezi wathawu Aphunzitsi anandiitana. Anati akuona kuti ndikadali ndi katundu mumtima, ndiyenera kuphunzira kumasula. Kenako anafunsa kuti andipatse zingati kuti nkhaniyi ithe, ndikayambire kabizinesi. Ndinawauza kuti kwathu thupi likagonekedwa, manda asanakwiriridwe, mwana amatapa dothi ndi manja ake n'kuponyamo katatu. Ulendo uno sanandiuze kuti ndipume mozama.

Ngongole yawo kwa ine ndi imeneyo, ndipo sindichotserapo kanthu. Dothi lodzaza manja katatu, m'manda a bambo anga asanatsekedwe.