Masamba pa Njira ya kwa Amalume

Ndiyambe ndi kupepesa kwa inu owerenga. Sukulu yanga ndi yakumudzi, ndipo sindine munthu woti n'kuima pagulu. Ngati penapake cholembera chaterereka, mundikhululukire. Ndalimba mtima chifukwa nkhaniyi anthu kwathu amaifotokoza mosiyanasiyana, koma ine mwini wake palibe anandifunsapo.

Ndinakulira m'manja mwa amalume, alongo awo a malemu amayi anga, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, pamene minda ya tiyi imathera n'kuyamba nkhalango. Iwo anatenga akazi awo chitengwa, choncho tinkakhala tonse pamalo a kwathu: amalume, azakhali, mwana wawo wamwamuna yemwe ndi msuweni wanga, ndi ine. Nditalephera kupitiriza sukulu, amalume anandipatsa njinga yawo kuti ndizichita kabaza ku Milonde. Ankakonda kunena pamaso pa onse kuti iwo akadzatsogola, njingayo ndi munda wa nanazi zidzatsala kwa ine mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo wathu. Azakhali akamva zimenezi ankangoyang'ana kumbali.

Chaka chimenecho amalume anadwala miyendo. Inatupa mpaka nsapato kukana, ndipo ankangoswera pamphasa pakhonde, kuyang'ana aliyense wodutsa.

Tsiku lina pasiteji pathu panafika mzungu wamtali, atavala chipewa chokhala ngati chigoba cha kamba. Njinga yake inali ya matayala onenepa a manomano, koma yopanda kaliyala. Anzanga anaizungulira.

"Njinga yopanda kaliyala anyamulapo chiyani?" anatero mmodzi. "Ameneyu mkazi wake amayenda wapansi."

Mzunguyo ankafuna munthu wodziwa tinjira ta m'nkhalango, chifukwa anzake a ku Blantyre amati adzabwere kudzakwera njinga m'mapirimo. Anzanga anakankha ine. Ankadziwa kuti kachingerezi ndimakamva pang'ono, komanso kuti kukana sinditha.

Nditawauza amalume, iwo anati:

"Munthu wosiya msewu wa tara n'kumafuna njira za agwape akufunanji? Amayamba ndi kuyendayenda amenewa, mawa abwera ndi chingwe choyezera malo. Tiyi ukumuonayu anayamba choncho. Pita, koma maso akhale kumanja kwake."

Ndinapita, ndipo manja ake ndinkawayang'anadi. Akawerama ndinkati watola mwala wamtengo wapatali, koma kunali kumanga chingwe cha nsapato. Tinkakwera zitunda za mabulugama, kutsika m'makwawa moterera, kuoloka timitsinje tozizira. Iye pamitsitsi ndi pamiyala ankangodumpha akukuwa ngati mwana, ine pambuyo ndikukankha njinga ya amalume mosamala kuti masipoko asathyoke. Chimene ankasangalala nacho pakutuluka thukuta popanda katundu, mpaka lero sindichimvetsa bwino.

Pamphambano ina anatulutsa timapulasitiki tofiira kuti amange m'mitengo, anzakewo asadzasochere. Ndinadziwa kuti anthu akationa, dzuwa lisanalowe mudzi wonse udzati kampani ya tiyi yayamba kuyeza malo, ndipo wolondolera ndine. Ndinamupempha mwaulemu kuti atibweze m'chikwama. Kenaka ndinamuonetsa mmene amachitira amayi otola nkhuni akamatsogolera anzawo: umathyola nthambi n'kuigoneka chopingasa panjira yomwe sukufuna kuti wakumbuyo alowe. Mzunguyo anasangalala kwambiri, mpaka kundigwira chanza kawiri. Sabata yonseyo tinkatseka tinjira tolakwika ndi nthambi, ine ndikudula ndi chikwanje cha kunyumba. Ndinamupemphanso kuti anzakewo asadzadutse pakhomo pathu chifukwa pali wodwala, adzazungulire kumunsi kwa sukulu. Anavomera.

Lachisanu m'mawa ndili pasiteji, mayi wina wa kumudzi kwathu wogulitsa kalongonda anaika dengu pansi n'kundigwira paphewa.

"Mwanawe, ukadali kuno? Pepa, pepa ndithu. Zachitika nthawi yanji?"

Ndinapalasa osaona njira. Nditayandikira kwathu ndinapeza nthambi za mango zaziwisi zitagonekedwa chopingasa pamsewu wa m'mudzi, ndipo cha uko, kupitirira nyumba yathu, panali zina. Kwathu masamba otero alibe tanthauzo lina. Ndiye kuti pakatipo pagwa maliro. Wanjinga atsike, wachipewa avule. Ndinatsika n'kuyamba kukankha njinga. Pakhomo panali amayi ambiri, ena atamanga kale nsalu m'chiuno, ena misozi ili m'masaya. Koma onse anali chete, chifukwa munthu amene anabwera kudzamulirayo anali khale pamphasa pake, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Wabwera mwini maliro," anatero msuweni wanga. "Bokosi lili kuti, akulu? Kapena mwaliyika pakaliyala?"

Palibe anaseka. Azakhali anaimirira.

"Ndani wakhala akudula nthambi sabata yonse? Chikwanje changa chimapita ndi yani? Munthu akadali moyo, iwe wayamba kale kumuitanira anthu olira. Nanazi akukuchedwera?"

Ndinkafuna kufotokoza, koma pagulu lilime langa limauma. Ndinangoti, "Si ine, amalume." Amalume anauza msuweni wanga kuti achotse masambawo, kenaka alowetse njinga kuchipinda kwawo.

Madzulo ndinawapititsira madzi akumwa monga mwa masiku onse. Anayang'ana m'kapumo, n'kuwathira pansi pang'onopang'ono. Ndikayandikira, iwo ndi azakhali ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe chozama chomwe ine sindichimva chonse. Nanenso ndinayamba kukayikira. Ndinkamuyang'ana msuweni wanga akutafuna chinangwa mosatekeseka, ndikudzifunsa kuti ine ndikachoka pakhomopo njinga itsala ndi yani. Za mzungu uja zinandidzera, koma ndinazikana. Ndinkati munthu wamkulu, wokhala m'dziko muno, angapande bwanji kudziwa masamba a maliro?

Loweruka dzuwa litakwera tinamva mkokomo kuchokera kuphiri. Okwera njinga aja anatsika mondondozana, zovala zonyezimira, matope mpaka kumaso. Poti pamphambano panalibenso chowatseka, onse analunjika pakhomo pathu. Nkhuku zinabalalika, ana n'kuthamangira kumsewu. Mzungu uja anaima, nkhope ili gwaa, n'kundifunsa kuti wachotsa nthambi zake ndani, pamene iye anavutika kudzaziika mbandakucha dzulo lake kuti wodwala asasokonezedwe.

M'gululo munali mayi wina wachimalawi. Atamva, anagwira pakamwa. Anatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kudzagwada kutsogolo kwa amalume ndi kabudula wake yemweyo.

"Bambo, pepani kwambiri. Mnzathuyu ndi mlendo, sadziwa. Amati akutseka njira basi."

"Mlendo sadziwa, n'zoona," anatero amalume. "Ndiye mumufunse, mayi, anamuphunzitsa ndani."

Mayiyo anamufunsa. Mzunguyo anamwetulira n'kundiloza monyadira, ati mphunzitsi wake wabwino ndi uyu. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mayi uja anayesa kufotokoza kuti za m'nkhalango n'zina, za m'mudzi n'zina, koma amalume anangowathokoza n'kuwauza kuti apitirize ulendo dzuwa lisanawaotche.

Atachoka ndinagwada.

"Amalume, ine ndinamuonetsa za kunkhuni zokha."

"Ndamva. Koma njira ya pakhomo pano anamulozera ndani? Kuti muno muli wodwala anamuuza ndani?"

"Ndine, koma ndimafuna kuti…"

"Chimene umafuna akudziwa ndi mtima wako."

Njinga sinatuluke. Ndinayamba kuyenda wapansi kukagwira maganyu othyola tiyi. M'mudzi ena ankati ndinatuma mzungu dala kuti manja anga ayere, ena ankati ndine wopusa chabe. Amayi ena ndikawapatsa moni ankakokera ana awo kumbuyo. Ndinkapemphera kuti miyendo ya amalume iphwe, ndipo ndinene zoona, sichinali chikondi chokha. Ndinkadziwa kuti akangomwalira nyengo imeneyo, ine m'mudzimo sindikanagonamo.

Miyendo inaphwa pang'onopang'ono ndi mankhwala a kuchipatala. Ngakhale zinatero, ku Milonde kunali anthu omwe anangomva za masamba osamva zotsatira zake, moti ena ankapepesabe azakhali akakumana nawo. Zimenezi zinkawapweteka amalume kuposa matendawo.

M'mawa wina anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, akukankha njinga okha.

"Popa matayala. Undiperekeze kumsika, anthu akaone kuti maliro aja akuyenda."

"Bambo, ndikutengeni ine," anatero msuweni wanga.

"Iwe khala. Akandiona pambuyo pa iwe adzati chiyani? Ndikufuna andione pambuyo pa uyu amene akuti anandipha."

Ndinawanyamula. Sindinapalasepo mosamala chotero. Dzenje lililonse ndinkalizungulira, pachitunda ndinkatsika n'kumakankha iwo ali pompo. Kale akakwera ankandigwira m'chiuno, koma tsikulo anagwira chitsulo cha kaliyala njira yonse. Kumsika anandiuza kuti ndidutse pakati penipeni, pa ogulitsa usipa mpaka kwa osoka zovala, iwo akukweza dzanja kwa aliyense. Anzanga a pasiteji anaimba mabelu. Wina anakuwa kuti, "Amalume, kumanda kuli bwanji?" Iwo anati, "Kulibe malo, andibweza."

Ndinawagulira zitumbuwa zotentha. Anazilandira ndi manja awiri, kuzikulunga bwinobwino n'kuziika m'thumba la jekete. Sindinawaone akudya.

Titafika kunyumba ndinayamba kukankhira njinga kuchipinda kwawo.

"Ukupita nayo kuti? Mawa sugwira ntchito?" anatero. "Koma azungu ako aja akadzabweranso, udzawatumize kwa ine. Njira ndidzawalozera ndekha."

Za munda wa nanazi sanazitchulenso pamaso pa anthu, ndipo ine sindinafunse. Njingayo inagona kukhomo kwanga kuyambira tsiku limenelo, lomwe linali la Anakubala, pa 15 Okutobala.