Gitala ya malemu achimwene yalankhulanso

Mwaswera bwanji nonse?

Abale, lero zatheka! Mukukumbukira mmene gitala ya malemu achimwene inkalirira mosasa mawu pa Ngabu nthawi ya chipani chimodzi? Ndakhala ndikusakasaka kaliridwe kameneko, koma ampu yanga, chokuzira mawu a gitala chija, imangomveka mosalala.

Masanawa ndakumbukira kuti sipika yawo inali yobooka, khoswe anaidya. Ndatenga lezala, ndacheka yanga pang'ono, ndakweza voliyumu mpaka kumapeto. Nditangokhudza mawaya a gitala, kaliridwe kaja katuluka ndendende!

Alamu, akazi a malemuwo, amapeta mapira kuseri. Athamanga lichero lili m'manja, akukuwa: "Mbani akuimbayo? Amenewo ndi amuna anga!" Alira, kenaka ayamba kuvina, mapira mbwee pansi.

Tsopano akuti ndikaimbe Loweruka povumbulutsa chiliza cha achimwene. Gitala yamagetsi kumanda, abusa akalola? Mukuti bwanji?