Timadontho Tomwe Tinandithetsera Banja

Ndinakwatiwa chitengwa kumudzi wina kuseri kwa Nsaru, m'banja la alimi a fodya. Chaka chachiwiri, mwamuna wanga atagulitsa fodya, anakwera basi ya ku Joni kukasaka ntchito. Ine ndinatsala ndi amayi ake komanso mlongo wake, mlamu wanga, yemwe banja lake linali litatha.

Patapita sabata ndi masiku angapo chichokereni iye, ndinaona timadontho ta magazi pa panti. Tinali tochepa, tofiirira pang'ono chabe. Nthawi yanga inali isanakwane, koma ndinangoti mwina ndi maganizo. Pakhomo paja, ngakhale tinali anthu opemphera, mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ndiye madzulo, nkhwani uli pamoto, ndinaitana apongozi.

"Amayi, tandithirireniko mchere."

Anathira osafunsa kanthu. Mawa lake magazi aja anasiya.

Mwezi wotsatira sindinasambe. Fungo la bonya linayamba kundisanzitsa. Ndinauza mlamu wanga tikuchokera kumjigo, ndikuseka, poyesa kuti akondwera nane. Dzuwa lisanalowe apongozi anandiitanira m'chigafa.

"Kodi mimbayi ndi ya yani?" anandifunsa.

Ndinaseka, poyesa ndi nthabwala.

"Musaseke. Mwana wanga atachoka, inu munasamba. Mchere ndinathira ndine, ndi dzanja ili. Mkazi wa pakati sasamba. Ndiye yalowa liti?"

Ndinalumbira, ndinalira, iwo akungotola zingwe za fodya pansi.

Nditapita kusikelo ku Kabudula ndinafotokozera anamwino zonse. Anati zimachitika: mimba ikamakhazikika m'chiberekero, amayi ena amaona timagazi pang'ono, n'kumayesa ndi msambo. Anandiuza kuti ndibwere ndi apongoziwo adzawafotokozere okha. Ndinabwerera kumudzi mtima uli m'malo.

"Anamwinowo amagona pakhomo pano?" anatero apongozi. "Ine sindipita."

Mwamuna wanga ankaimba pa foni ya mlongo wake. Tsiku lomwe anandipatsa foniyo, mlamu anaima pomwepo, manja m'chiuno. Ndinayamba kulongosola za anamwino, iye n'kundidula.

"Ndiye ukuti amayi anga ndi abodza, eti?"

"Ayi, komatu magazi ake anali ochepa..."

"Ine ndikugona pa simenti kuno chifukwa cha iwe. Usadzandiyankhulenso."

Ankhoswe anakumana pakhonde. Pamaso pa azibambo anandifunsa kuti magaziwo anali amtundu wanji, ochuluka bwanji, ndinavala nsalu kapena ayi. Amalume anga, omwe anali nkhoswe yanga, anangozyolika. Mlamu anatchula bambo wina wa kabaza yemwe anandinyamulapo kamodzi kuchokera kuchigayo. Bamboyo sanaitanidwe n'komwe, koma pofika Lamulungu mudzi wonse unali utamva kuti mimba ndi yake. Mkazi wake anandilavulira malovu pamsika.

Anandibweza kwathu ku Nambuma ndi kachikwama ka zovala. Bulangete lomwe ndinkafunda anandilanda, ati linagulidwa ndi fodya wawo. Kutchalitchi anandiimitsa mgonero.

Mwana anabadwa wamkazi, nthawi yomwe anamwino ananena. Aliyense wofuna kuwerenga miyezi akanaona kuti mimba inalowa mwamuna wanga ali pakhomo. Amayi anga anatumiza uthenga, ndipo apongozi anabweradi. Anamuvundukula mwanayo, kumuyang'ana makutu, zala za kumapazi, chipumi. Kenako anamufunditsanso.

"Ana ena amabadwa masiku asanakwane," anatero. "Sitingadziwe."

Sanamunyamule. Madzi omwe tinawapatsa sanamwe.

Mwamuna uja atabwera kuchokera ku Joni anakwatira wina. Ndinakumana naye kamodzi pa Namitete, mwana ali kumsana, iye n'kuwolokera tsidya lina la msewu.

Mtsikana wanga tsopano ali sitandade faifi. Ndamulera ndi geni ya mandasi. Chaka chatha mlamu uja anatulukira pakhomo panga atanyamula paketi ya shuga. Anati mkazi watsopano wabereka mapasa, ntchito yamuchulukira.

"Amayi akuti mwanayu ndi wathu, nkhope ikuchita kuonekeratu. Abwere azikathandiza kulera azibale akewo."

"Nanga sukulu?" ndinafunsa.

"Sukulu adzaphunzirabe. Inunso mupumeko."

Ndinakana. Anandinena kuti ndine wouma mtima, wosadziwa kukhululuka. Ponyamuka anatenga shuga wake.