Pakati pa Efelo ndi Bauleni

A Zikhale Chikaonda anamwalira koyamba ku Burma, iwo eni ake osadziwa. Uthenga unafika kumudzi kwawo, kutsidya kwa Lingadzi, kuti kopolo wa asilikali a Keyala uja wagwa pankhondo. Anthu analira, anakumba manda, naikamo thunthu la nthochi monga amachitira mtembo ukasowa. Nkhondo itatha malemuwo anatulukira pabwalo ali onenepa kuposa mmene anapitira. Mudzi wonse unati balala, mpaka mayi wina wolimba mtima anawawaza dothi kuti aone ngati azimirira. Sanazimirire, anangoyetsemula.

Za manda sizinawapweteke. Chinawawawa n'choti anapeza mkazi wawo, a Efelo, atalowedwa chokolo ndi mphwawo Bauleni, munthu amene nkhondo yonse anaimenya ndi apumbwa a m'munda wa mapira. Mlandu unakambidwa, a Efelo anabwerera kwa mwini wake mosangalala, koma a Zikhale sanamukhululukire Bauleni. Ngakhale pamaliro a anthu ena, akaona kuti Bauleni wakhala moyang'anizana ndi azimayi, ankapita kukakhala kutsogolo kwake.

Manda awo aja anakana kuti afafanizidwe. Ankawalambula chaka ndi chaka, ndipo ngakhale kumanda sikupitidwa wamba, palibe analimba mtima kuletsa munthu kupita pamanda ake omwe. A Efelo atamwalira anaikidwa kudzanja lamanja la mtumbirawo. Bauleni atatsatira, anamuika kumanzere. Mtumbira wa kopolo unatsala pakati ngati mpanda, ndipo mkuluyo ankagona tulo tabwino.

Kenaka likulu la dziko linasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kufupi ndi kwawo. Nthawiyo a Zikhale anali atakalamba, akulondera nyumba ina ku Area 3. Makatapila anabwera kudzadya tchire, ndipo kunamveka kuti msewu watsopano udzadutsa pamanda a mudzi wawo. Amene anatumidwa kuyang'anira zosamutsa mafupa anali kalaliki wina, a Orton Kayira, mwana wa ku Rumphi, waulemu kwambiri, womanga tayi ngakhale m'fumbi la Okutobala. Anafotokoza kuti malemu onse akagona m'ndondomeko yomwe anagonera kale, koma manda opanda mafupa asiyidwa. Ena anangogwedeza mitu. A Zikhale thukuta linawatuluka, pakuti msilikali amadziwa kuti mmodzi akachoka pamzere, otsalawo amayandikizana.

M'mawa mwake, pochokera ku ulonda, anayenda wapansi mpaka ku ofesi. Kalaliki anawafunsa kuti malemu a m'manda amenewo anali ndani wawo. Iwo anamenya sawasha n'kunena kuti ndi iwo amene. A Kayira anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, koma munthuyo anali chiimire. Pomaliza anawauza mofatsa kuti boma likusamutsa akufa, ndipo amoyo adikire nthawi yawo.

Tsiku losamutsa, a Zikhale anafika kumanda atsopano atavala jasi lawo la kunkhondo, lalitali, lolemera, dzuwa likuswa mtengo. Adzukulu anali atakumba maenje pamzere. Kabokosi ka a Efelo katatsitsidwa, anyamata ananyamula ka Bauleni kupita nako padzenje lotsatira. Anapeza muli kale munthu. Kopolo anali atatsikiramo chobwerera, mawondo akulira, nagona chagada, manja m'mbali.

Anawanyengerera abusa, anakana. Dalaivala wa lole yonyamula mafupa anaimba hutala mpaka kutopa. Adzukulu anakhala pamthunzi, ena akuseka chobisa nkhope. A Kayira anagwada m'mphepete mwa dzenje, buluku la suti lili m'dothi lofiira.

"Bambo Chikaonda, chonde tulukani. Mukundichotsetsa ntchito."

"Achimwene, ine ndinapita kunkhondo kamodzi, munthu uyu anasendera. Lero ndichoke pamzere asenderenso? Kwirirani, mafupa mukufuna aja ndi awa."

Misozi inali kutsikira m'makutu mwa a Zikhale, ndipo kalaliki nayenso chisoni chinamugwira. Anaimirira, kumasula tayi, n'kuuza adzukulu kuti akumbe dzenje lina la Bauleni kutsogoloko, za ku ofesi akayankha yekha.

Apa panabuka vuto lina. Adzukulu anati manda okumba sagona opanda kanthu, ndipo nthochi pamalopo panalibe, makatapila anali atazula zonse. A Zikhale anadzuka, anavula jasi lija, analiyala bwinobwino pansi, kumanga mabatani onse mpaka m'khosi, kenaka anatambasula manja kuti awakoke. Anaimirira njo pamene ankakwirira, nadandaula kuti nyimbo ikuimbidwa mwaulesi, ndipo akumva kuti pamaliro awo oyamba anthu anayesetsako.

Chaka chotsatira chisanu cha Juni chinawapeza pageti ku Area 3 atafunda chiguduli cha chimanga, mano akugundana. Abwana awo, powamvera chisoni, anafunsa kuti jasi lija anagulitsa kodi. A Zikhale anakwiya ndi funsolo.

"Lili pantchito, bwana. Likulondera mkazi wanga mpaka ndifike."