Galimoto ya Malemu Yatukula Denga

Moni nonse, ndine agogo anu kuno ku Madzimoyo.

Mbale wanu Mabvuto wamaliza lero kukonza galimoto ya malemu agogo anu aamuna, ija inkanyamula anthu nthawi ya Chitaganya. Tsiku limene ankadula denga ndinati mwana uyu akufuna kugulitsa zitsulo, ndiye masabata atatu ndakhala pampando pompo kumuyang'anira.

Koma abale, zinthu zake! Wangokankha ndi manja, denga n'kukwera m'mwamba, m'mbali muli tenti, m'kati muli bedi. Ndalulutira ngati paukwati!

Akuti, “Agogo, musakwere, mugwa.” Ndati ukubisa chiyani kumeneko? Ndakwera ndekha. Posuzumira pazenera la neti, munda wanga wonse uli poyera, ndipo mbuzi za a Tembo, aneba athu, zili m'kati kudya nsawa zanga. A Tembo omwe aja analumbira kuti mbuzi zawo amazimangirira!

Tsopano Mabvuto akufuna kupita nayo ku Chiparamba Loweruka kukaonetsa anzake. Ine ndati isasunthe mpaka tikumbe nsawa. Inu mukuti bwanji? Yankhani momasuka, koma dziwani kuti kiyi ndamumanga kale pansonga ya chitenje.